Ndani Ankaulula Kachasu wa Nachisale

Dzina lake la ubatizo linali Eveles, koma kuchokera ku Lifuwu mpaka kusiteshoni ya sitima ku Salima aliyense ankangoti Nachisale. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, wa maso aang'ono osakhazikika. Munthu akamupatsa moni, iye ankayamba wasuzumira kumbuyo kwa munthuyo kuti aone ngati wabwera yekha, kenako n'kuyankha. Ena ankati anabadwa choncho. Amene anamudziwa ali mtsikana ankakana, ankati khalidweli linadza ndi kachasu.

Kutcheza anaphunzira m'chaka cha 1937, njanji itangofika kumene. Pakati pa anthu a ntchito ya njanji panali Asena ochokera kuchigwa cha Shire, ndipo mkazi wa mmodzi mwa iwo, amene ankagula mpunga kwa Nachisale, ndiye anamuonetsa zonse: kuviika gaga ndi shuga mumtsuko mpaka ziwire zokha n'kudzaleka zokha, kumata kukamwa kwa mtsuko ndi dothi, kudutsitsa mpope m'madzi ozizira kuti nthunzi isanduke madontho. Mpope wake unali chitsulo cha mfuti ya gogodera ya malume ake, imene mtengo wake unatha ndi chiswe. Madzi ozizira ankathira m'chidutswa cha bwato losweka chimene anatola kunyanja. Poyamba ankatcheza mwa apo ndi apo. Koma mwamuna wake Fletcher atabwera kunkhondo ndi chifuwa n'kumwalira chaka chisanathe, kumusiyira ana aakazi awiri, kachasu ndiye anayamba kudyetsa banja.

Mowa wa masese boma linkalola, bola wofulula alipire chiphaso kubwalo la mfumu yaikulu. Kachasu analibe chiphaso. Ngakhale ukanakoka ng'ombe mpaka kuboma, palibe akanakulembera pepala. Wopezeka akutcheza ankamuswera mitsuko, kumulanda mpope, n'kumutengera kwa Bwana Disi, mkulu wa paboma woweruza milandu.

Choncho Nachisale ankasamala kwabasi. Sankatcheza usiku monga ankachitira ena, chifukwa moto wa usiku umaoneka kutali; iye ankayatsa m'mawa, nthawi imene utsi ukufuka m'minda monse. Nkhuni ankasankha za tsanya zouma gwa, zosafuka. Shuga sankagula sitolo imodzi: pang'ono kwa mmwenye wa kusiteshoni, pang'ono kwa wa kumsika, wina n'kutuma munthu. Mabotolo ankapita kwa eni ake ali pansi pa usipa mudengu. Pakhomo pake sipankamwedwa ngakhale dontho, ndipo woledzera akadzera pabwalo pake ankamupirikitsa mokweza mawu kuti mudzi wonse umve. Mpope sunkagona kutchire, ankaubweretsa kunyumba uli pakati pa mtolo wa nkhuni. Utsi, fungo, shuga, mabotolo, pakamwa pa anthu, zonsezi anaziganizira. Madzi okha ndiwo sankawaganizira, chifukwa madzi inali ntchito ya Agnes.

Agnes anali mlamu wake, mkazi wa mlongo wake wamng'ono Yakobo. Kuno mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma Yakobo anapempha chitengwa, n'kumuchotsa Agnes kwawo ku Chinguluwe kudzakhala naye m'mudzi mwa alongo ake. Patatha zaka ziwiri Yakobo anakwera sitima kupita ku Halale kukafuna ntchito. Analemba makalata awiri, kenako zii. Mwana panalibe. Agnes akanatha kubwerera kwawo, koma anati akachoka mwamuna wake adzapeza nyumba itagwa, ndiye anakhala.

Anali wamtali, wochepa thupi, wosayankhulayankhula. Gaga wa kachasu ankachokera mumtondo mwake. Mitsuko ankaumba ndi iye. Ana a Nachisale akadwala, ndiye ankawabereka kupita nawo kuchipatala. Pa Khirisimasi ya chaka china Nachisale anamugulira mpango wa kumutu, ndipo mpangowo unatchulidwa pakhomopo zaka zitatu.

Tsiku lotcheza linkafuna mitsuko khumi ndi iwiri. Madzi a m'bwato muja akafunda, nthunzi imangodutsa mumpope osasanduka kanthu, mphamvu yonse n'kuthawira m'mwamba. Ndiye ayenera kukapidwa, n'kuthiramo ena ozizira. Nachisale sankachoka pamoto. Ankakhala pamwala, maso ali pa kaudzu kamene madontho ankatsetserekerapo kulowa m'botolo, akusolola chikuni, akubwezera chikuni, akudonthezera pang'ono pamakala kuti aone mtundu wa lawi. Luso limenelo linali lakedi, palibe angamulande. Koma pamene iye anakhala, Agnes ankayenda. Kuchitsime kunalibe womusenzetsa, chifukwa ankatunga nthawi imene amayi ena abwerera kale kumudzi. Ankakweza mtsuko pabondo, kupumira kaye, n'kuuponya yekha pankhata. Anthu akamwa ankati, "Koma Nachisale ali ndi dzanja." Za khosi la Agnes palibe ananenapo.

Apolisi anabwera koyamba mu Ogasiti 1946. Malo otchezera anali kuseri kwa bango, kumene ngakhale mbuzi sizinkafika. Agnes anali atangopita kuchitsime, botolo lachiwiri lili pakati, pamene bango linangoti phwa, n'kutulukira Kopolo Mustapha ndi apolisi anzake awiri. Kopoloyo anali Myao wamtali, Msilamu amene sanalawepo mowa chibadwire.

"Odi kuno kufakitale," anatero, atatseka mphuno ndi kansalu. "Mayi, zimenezi anthu amamwadi? Ine fungo lokha mutu waima."

Anaswa mitsuko ndi chidendene cha jombo, natenga gogodera uja. Bwana Disi anagamula chindapusa, ndipo mbuzi ziwiri za Nachisale zinapita.

Nachisale sanalire mbuzi. Chimene chinamudya mumtima linali funso limodzi: wawauza ndani? Anayamba ndi Molly, mayi wa kutsidya kwa dambo amene nayenso ankatcheza, ngakhale kachasu wake anali wamadzimadzi. Anakumana pamsika, aliyense ndi dengu lake.

"Pepani ndi za mbuzi zija, anzathu," anatero Molly.

"Mwazimva msanga. Kapena munazimva zisanachitike?"

"Iii, Nachisale! Ine ndikakunenezeni inu kupolisi, ine mwini ndili ndi mpope kudenga?"

"N'chifukwa chake wanuwo ukadali kudenga."

Kuyambira tsiku limenelo awiriwa sanapatsanenso moni.

Nachisale anapeza mpope wina, chitsulo cha njinga yakufa. Agnes anaumba mitsuko ina. Anasamukira kukhwawa lina, pansi pa mkuyu, ndipo kwa miyezi ingapo zinthu zinayenda. Koma mu Juni 1947 Kopolo Mustapha anatulukiranso, kansalu kake kali pamphuno, n'kufunsa ngati fakitale yasintha eni. Ulendo uno Nachisale anakayikira a Elliot, mkulu wa mpingo amene ankatumiza botolo lopanda kanthu Lachisanu lililonse, ati la mankhwala a chifuwa. Sabata imeneyo a Elliot anali atalalikira pamaliro za amayi ophika imfa m'tchire, ndipo polalikirapo anayang'ana mbali imene Nachisale anakhala. Mwina ankangoyang'ana ntchentche, koma Nachisale anasunga.

Kukhoti Bwana Disi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayankhula kwa womasulira.

"Bwana akuti nkhope yanu aisunga," anatero womasulira. "Akuti mukabweranso kachitatu sadzafuna mbuzi zanu. Miyezi isanu ndi umodzi kundende ku Zomba."

Pobwerera ku Lifuwu Nachisale ankangobwereza mawuwo mumtima. Miyezi isanu ndi umodzi! Ana awiri kusiyidwa m'manja mwa anthu, munda wa mpunga kudambo kumera bango. Zosiya kutcheza sanaziganizire nthawi yaitali, chifukwa mpunga umabala kamodzi pachaka pamene ana amadya tsiku lililonse. Chotsala chinali chimodzi: apeze pakamwa pamene pankatulukira nkhani zake, apatseke.

Anasankha malo achitatu kutali, kuseri kwa chulu chachikulu chozingidwa ndi minga. A Elliot anawauza kuti wasiya. Ogula ena anawauza kuti kachasu akumutenga kwa munthu wa ku Chipoka. Ana ake anawauza kuti akukakumba dothi la mitsuko. Odziwa malo anatsala awiri okha, iye ndi Agnes.

Poti anatsala awiri, maso a Nachisale anatembenukira kwa Agnes. Ndipo atayamba kuyang'ana, anaona zambiri.

Anaona kuti Agnes akuchedwa. Chitsime sichinali kutali kwambiri kuposa kale, koma ulendo umodzi unkamutengera nthawi ya maulendo awiri, madzi a m'bwato mpaka kutentha dzanja. Anaona kuti satulukira mbali imodzi: ulendo uno wadzera kumpoto kwa chulu, ulendo wina kumwera, wina watsikira kumiyala. Anaona miyendo yake itakalika ndi minga, nsalu ili chisoso chokhachokha. Munthu wongopita kuchitsime angalowe m'minga kukatani, ngati sikuti muli wina amene akumudikira? Tsiku lina Agnes anafika akukoka nthambi ya masamba kumbuyo kwake, mtsuko uli pamutu.

"Nthambiyo ndi yachiyani?" anafunsa Nachisale.

"Ndimasesera m'mbuyo, alamu, pamchenga paja pamakhala..."

"Kusesa tchire? Madzi akufunda kuno, iwe uli pa ntchito yosesa tchire? Thira msanga, madontho akuchepa."

Maso ake anali atabwerera kale pabotolo. Agnes anathira, anakapa ofunda aja, n'kunyamula mtsuko kubwerera.

Panalinso nkhani ya positi. Mwezi uliwonse Agnes ankalawirira wapansi kupita kuboma kukafunsa ngati kwabwera kalata ya ku Halale. Zaka zisanu kalata osabwera, iye osaphonya mwezi. Kale Nachisale ankangomuseka. Tsopano anakumbukira kuti positi ndi polisi sizitalikirana. Munthu angapse mapazi mtunda wonsewo chifukwa cha kalata imene akudziwa kuti kulibe?

Kenako kunabwera sopo. Agnes anafika madzulo ena ndi mtanda wathunthu wa sopo, wokulunga m'tsamba la nthochi.

"Sopo ameneyu wachokera kuti, mlamu?"

"Andipatsa a Habiba. Ndinawathandiza kuyanika usipa masiku atatu."

A Habiba anali mayi wogulitsa nsomba kugombe, ndipo amuna awo ankapemphera mzikiti umodzi ndi Kopolo Mustapha. Nachisale anatenga sopoyo, kumutembenuza, kumununkhiza, ngati kuti fungo limuuza amene wamugula. Kenako anabweza. Kuyambira pamenepo mpope ankaubisa poti Agnes asaone, ndipo tsiku lotcheza ankamuuza m'mawa womwewo. Agnes akaseka ndi mayi wina panjira, Nachisale ankafunsa kuti amaseka chiyani. Akakhala chete, ankafunsa kuti akuganiza chiyani.

Kumapeto kwa Seputembala m'mudzi munagwa maliro, ndipo tsiku limene Nachisale anakonza zotcheza anakhala kusiwa ndi amayi anzake. M'mawa mwake atapita kuchulu kuja anapeza mapale ali mbwee, bwato litadulidwa pakati ndi nkhwangwa, gaga wowira ali ntchentche ng'waa. Padothi panali mapazi a jombo. Pakanapanda maliro, bwenzi pano ali m'sitima ya ku Zomba.

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo. Agnes anali pakhonde, akupeta mpunga.

"Malo aja ankadziwa anthu angati?" anafunsa Nachisale, osakhala pansi.

"Awiri, alamu."

"Ine sindinapite kupolisi."

Agnes anaika lichero pansi pang'onopang'ono. "Ndiye mukuti ndine."

"Sindikuti kanthu, ndikungoona. Kuchedwa kwako, minga yako, positi yako, sopo wako. Amakupatsa bwanji, mtanda umodzi mlamu mmodzi? Ndikapita ku Zomba munda wa kudambo udzakhala wako, eti? Ndiye mtengwa adzasanduka mwini mudzi."

"Kuchedwa kuja ndinayesa kukuuzani..."

"Usandiuze! Zaka zisanu ndi zitatu ndadya nawe mbale imodzi, osadziwa kuti ndikudyetsa polisi."

Amayi a nyumba zoyandikana anali atatuluka, aliyense ngati ali ndi chimene akufuna pabwalo. Agnes anawayang'ana, kenako anayang'ana mlamu wake.

"Zaka zisanu ndi zitatu," anatero ndi mawu otsika. "Mwawerenga bwino. Nanga mitsuko munawerenga?"

Analowa m'nyumba ya Yakobo, anapinda mphasa, anamanga nsalu zake ziwiri ndi khasu lake, sopo uja n'kuika pamwamba. Mpango wa pa Khirisimasi anaukoleka pachitseko. Ana a Nachisale anamutsatira akulira mpaka pamtengo wa mbawa, iye n'kuwabweza.

"A Yakobo akadzabwera mudzawauze kuti nyumba ndinkaizira mwezi uliwonse," anauza wamkuluyo, n'kulowa njira ya ku Chinguluwe.

M'mudzi ambiri anagwirizana ndi Nachisale. Ankati munthu wofatsa kwambiri ndi woopsa, komanso mtengwa ndi mlendo, mtima wake uli kwawo. Nachisale mtima unakhala pansi koyamba m'chaka chathunthu. Pakamwa paja anali atapatseka.

Mu Okutobala tchire linapsa. Kuchokera m'mphepete mwa dambo mpaka kuzitunda kunali lupsa lokhalokha, pansi pali bii. Nachisale anasankha malo achinayi m'kakhwawa ka miyala, kobisika bwino koti munthu akhoza kudutsa pafupi osaona utsi. Tsopano wodziwa anali iye yekha. Mitsuko anachita kugula. Gaga anachita kukonola yekha, manja mpaka matuza. Bwato analumikiza ndi phula.

Tsiku loyamba anadzaza bwato, anayatsa moto, anadikira madontho oyamba. Madzi atayamba kufunda anatenga mtsuko n'kuthamangira kuchitsime, kudzera njira yachidule, chifukwa moto unali wokha. Kuchitsime kunalibe munthu. Anayesa kukweza mtsuko monga ankaonera kwa Agnes, pabondo kenako pamutu, koma unamupulumuka, madzi onse khuthu pansalu. Anatunganso. Atabwerera anapeza moto wakula, zamumtsuko zafufumira mpaka kulowa mumpope, m'botolo muli zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Anataya, n'kuyambanso. Pofika mtsuko wachisanu ndi chiwiri khosi linali moto, msana ngati wathyoka pakati. Anasiyira pomwepo.

A Elliot, amene anali atayambanso kutumiza botolo lawo la chifuwa, anamuimitsa Lamulungu potuluka m'tchalitchi.

"Nachisale," ananong'ona, "mankhwala a ulendo uno mwagula kwa a Molly kapena? Chifuwa changotsokomola n'kuseka."

Nachisale anapitiriza ulendo wake. Anangoti mumtima, dzanja likabwerera aona. Anatchezanso Lachiwiri, anatchezanso Lachisanu, nthawi zonse akuthamanga njira yomweyo, kuchitsime, kumoto, kuchitsime, kumoto.

Tsiku lachinayi lotcheza, akubwera ndi mtsuko wachisanu ndi chinayi, mpweya unamuthera pakachitunda ka pamwamba pa khwawa. Anaima kuti apume, natembenuka pang'onopang'ono, mtsuko uli pamutu. Kumbuyo kwake dziko lonse linali lakuda ndi phulusa. Ndipo pakati pa kuda konseko panali kanjira koyera mbee, kowongoka ngati ulusi pansalu yakuda, kochokera pachitsime penipeni mpaka pamapazi ake. M'mbali mwake, mmene madzi ankagaukira, timsipu tobiriwira tinali titayamba kutumphuka.

Pakanjirako, chapatali, panali amuna atatu akukankha njinga. Sankafulumira. Wapatsogoloyo, wamtali, ankayenda atazyolika.

Kuthawa kukanatheka kwa munthu wa miyendo, koma yake inali itatha m'maulendo asanu ndi anayi. Anatsikira m'khwawa, anatula mtsuko, anasolola zikuni kuti moto uchepe monga anazolowera, n'kukhala pamwala wake.

"Tapezananso, mayi," anatero Kopolo Mustapha, akutsamiritsa njinga. Thukuta linali kamukamu pamphumi pake. "Madzi amumtsukowo sanakhudze zinthu zanuzi? Tipatseniko timwe, dzuwa la lero si la masewera."

Nachisale anatunga ndi chikho n'kumupatsa. Kopolo anakhala chonjuta, anatchula dzina la Mulungu, namwa.

"A Kopolo," anatero Nachisale, "ndikudziwa kumene ndikupita. Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha. Amene ankakuuzani ndinamuchotsa. Ulendo uno wakuuzani ndani?"

Kopolo anamuyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinamvadi kuti munapirikitsa mlamu wanu chifukwa cha ine. Wallahi, mayi, munthu ameneyo sindinayankhulepo naye ngakhale moni. Bambo anga anali mlenje. Ine sindifunsa anthu, anthu amanama. Ndimapita kuchitsime. Njira zonse zochoka pachitsime zimalowera kumudzi. Ndikaona ina ikulowera kutchire, kopanda nyumba, kopanda munda, ndimadzifunsa kuti, kumeneko akumwa madzi ochuluka chotere ndani? Basi, ndimatsatira."

Anabweza chikho, napukuta pakamwa.

"Kubango kuja ndi kumkuyu sikunandivute. Koma kuchulu kuja mayi wamtali uja anali atandizindikira. Iii, anandizunza! Lero njira iyi, mawa ina. Kuponda pamiyala pokhapokha, kulowa m'minga, akafika pamchenga kufufuta mapazi ndi nthambi, mtsuko uli pamutu. Miyezi itatu ndikuzungulira ngati galu wotaya fungo. Ndinauza anzangawa kuti akanakhala mwamuna tikanamulemba upolisi." Analoza kumtunda ndi chibwano. "Koma yanuyi, mayi, ngakhale njinga zadutsa bwinobwino."

Apolisi awiri aja anaseka. Nachisale sanaseke, sanalire. Ankayang'ana nkhata imene inali pamiyendo pake. Inali ya Agnes, anaipeza itakolekedwa kuseri kwa nkhokwe, pakati pake patafwifwa ndi thukuta.

Bwana Disi anali ataisungadi nkhope. Mlandu sunatenge nthawi. Ana anatengedwa ndi amayi awo aakulu a kumudzi wina, munda wa kudambo unagona chaka chimenecho, ndipo Nachisale anakwera sitima koyamba m'moyo wake, wapolisi ali pambali. Za ku Zomba sankakonda kukamba. Akafunsidwa ankangoti akazi kumeneko amasinja ndi kutunga madzi, ngati kwina kulikonse.

Pambuyo pake anatchezabe, mpaka cha m'ma 1956 pamene maso anayamba kuchita khungu, ndipo sanagwidwenso. Moto ankayatsa m'bango mwenimweni, madzi akumunyowetsa zidendene, udzudzu ukumudya masana, kuti potunga pakhale pomwepo. Kusuzumira kumbuyo kwa anthu sanasiye. Molly sanamupatsenso moni mpaka imfa. Nachisale ankati za njira zija akuzivomera, koma mayi ameneyo ali ndi maso oipa basi.

Koma tsiku limene anatsika sitima pa Salima, mu Epulo 1948, sanalowe njira ya ku Lifuwu. Anafunsa ya ku Chinguluwe. Anafika dzuwa litapendeka pang'ono, ndipo anthu anamulozera kuchitsime. Agnes anali yekha, akukoka chingwe. Anali atanenepako.

"Alamu," anatero Nachisale.

Agnes anatembenuka, chingwe chili m'manja. Anayang'ana mutu wometedwa, kenako kamtolo ka m'khwapa.

"Mwatuluka."

"Ndatuluka, ndatsika sitima lero," anatero Nachisale. "A Kopolo anandiuza za nthambi ija."

"Ine ndinakuuzani kale."

"Munandiuza."

Agnes anakhuthulira chitini mumtsuko, naponyanso m'chitsime.

"Ana ali bwanji?" anafunsa.

"Sindinawaone. Ndayamba kuno." Nachisale anasuntha kamtolo kupita kukhwapa lina. "Nyumba ya Yakobo ikadalipo. Mwina denga ladontha, koma tikhoza kufolera. Mukabwera, mlamu, zinthu sizidzakhala ngati kale. Botolo loyamba, lamutu, lidzakhala lanu."

"Ikagwa igwe," anatero Agnes, mosakwiya. "Kupositi ndinaleka kupita. Kuno malume andipatsa munda, ndadzala thonje. Madzi ndikatunga ndimamwa ndine." Anathira chitini chomaliza, mtsuko n'kudzaza mpaka m'khosi. "Anawo mukawapatse moni. Wamng'onoyo asamadye mango osapsa, amamutsegula m'mimba."

Anathyola timasamba n'kuponya pamwamba pa madzi kuti asagauke, anapinda nkhata, naiika pamutu. Kenako anawerama, manja ali m'khosi mwa mtsuko, bondo litakonzeka kale.

Nachisale anaponya kamtolo pansi. Anagwira mtsukowo kunsi, mbali inayo.

Agnes anamuyang'ana kamodzi. Anakweza onse awiri, mtsuko n'kukhala pankhata phee, osatayika ngakhale dontho.

"Zikomo," anatero Agnes, n'kuyamba kuyenda. Anadzera njira yaikulu yolowera kumudzi, yowongoka, osatembenuka.